Jombo za Amalume ndi Mandimu Anga

Abusa, akuluampingo, amayi ndi abambo, a kwaya, achinyamata anzanga, ndikupatsani moni nonse m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Aleluya. Ameni.

Mundipirire pang'ono. Kuima kutsogolo kuno sindinazolowere. Malo anga mumawadziwa, ndi kumbuyo uko pafupi ndi zenera. Koma ndikufuna kuchitira umboni, chifukwa mwezi wamawa ndikhala nditasamuka, ndipo ndikapanda kunena lero, mawuwa ndipita nawo ali m'mimba.

Kwa alendo amene simundidziwa, ine ndine Lonjezo. Koma mukafika pamsika pa Ligowe n'kufunsa za Lonjezo, akuuzani kuti sakumudziwa. Mufunse kuti a Mandimu. Sekani, palibe kanthu, sekani ndithu. Dzinali linandiliza kale. Lero sililuma.

Amayi anga anamwalira chaka chimene ndinalemba mayeso a Folomu 4, ndipo mayesowo sanandiyendere bwino. Bambo anali atabwerera kwawo kalekale. Tinatsala awiri, ine ndi mlongo wanga Takondwa, uyo wakhala ndi atsikana anzake uyo, amene akubisa nkhope. Nthawi imeneyo anali kupulayimale, kamwana. Chimene amayi anatisiyira ndi munda umodzi wa kuphiri, wotsetsereka, nthaka yake yotopa, yoti popanda feteleza chimanga chimangofika m'chiuno n'kuchita ngayaye.

Mwambo wathu mukuudziwa. Munda wa mayi ndi wa mwana wamkazi. Mwana wamwamuna ndi wodutsa, akakula amapita kuchikamwini, n'kukalima kwa eni. N'chifukwa chake amati mnyamata wanzeru sabzala mtengo pamunda wa amake. Abzale chimanga, akolole, adye, basi. Mtengo ayi, chifukwa sadzaunyamula.

Ine ndinkazidziwa zimenezo. Koma ndinkati ndikamuyang'ana Takondwa akupita kusukulu wopanda nsapato, mtima unkandiuza kuti mwanayu akangodalira chimanga cha pamunda umenewu, adzakwatiwa ndi munthu woyamba amene adzaimitse njinga yamoto pakhomo pathu. Ndinkafuna kuti adzakhale ndi chake chake, chimene chimabereka ngakhale palibe mwamuna pakhomo.

Tsiku lina alangizi a zaulimi anabwera kudzaonetsa anthu kumezanitsa mitengo. Kwa amene simunaonepo, umafesa njere za mandimu chifukwa mizu ya mandimu ndi yolimba, mbande ikakula umaidula, n'kulumikizapo kanthambi ka nachesi, n'kumanga ndi kapulasitiki. Pansi mandimu, pamwamba nachesi. Ine ndinaima kumbuyo kwa anthu, sindinafunse kanthu, ndinangoyang'anitsitsa manja awo. Nditafika kunyumba ndinanola kampeni ka amayi. Machubu ofesera mbande ndinalibe, ndinkatola mapepala a shuga pamsika. Madzi ndinkasenza kuchokera kukhwawa, pamutu, amayi ena akundiseka panjira. Zinagwira, abale. Si zonse, koma zinagwira, ndipo ndinaziwokera pamunda paja.

Tsopano ndinene za amalume anga. Dzina sinditchula, ndipo sindikuwaulula, chifukwa nkhaniyi mudzi wonse ukuidziwa. Amalume ankagwira ntchito ya ulonda ku Blantyre kuyambira ine ndisanabadwe. Ankabwera pa Khirisimasi pokha. Ndipo akamabwera, munthu unkayamba kumva jombo usanawaone. Jombo zakuda, zazitali, zonyezimira ngati zanyambitidwa. Ankayenda pang'onopang'ono dala, gu, gu, gu, kuti aliyense atuluke m'nyumba aone. Ana ankawatsatira mpaka pabawo. Akakhala pampando, mwendo unkapita pamwamba pa unzake, kuti jombo ikhale pafupi ndi maso athu.

Chaka chimenecho anandiitana pabawo pomwepo, pamaso pa anthu.

“Iwe Lonjezo, tabwera kuno. Zimene ndikumvazi n'zoona? Akuti ukubzala mitengo?”

Ndinanjuta. Ndinati, “Eya, amalume.”

“Pamunda wa yani?”

“Wa amayi.”

“Amako ali kuti? Mundawo ndi wa Takondwa. Taonani anthuni, mwana wa mlongo wanga akulimira mlamu wake amene sanamuonepo n'komwe! Munthu ali kwawo uko akusewera mpira wachikulunga, uyu ali kalikiliki kumuthirira manachesi.”

Anthu anaseka mpaka ena kutsokomola. Amalume anapukuta fumbi pajombo ndi kansalu n'kunena kuti, “Munthu amafunika ntchito yokhazikika. Mwezi ukatha, kanthu m'thumba. Mvula igwe, isagwe, geti silifota. Geti siligwidwa ndi mbozi. Ukadzatopa ndi zachibwanazi udzandiuze.”

Ine ndinangoti, “Zikomo, amalume.” Ndikanati chiyani?

Ndiye kunabwera moto. Ena mukukumbukira, linali Lamlungu, m'chilimwe, tili muno m'tchalitchi. Tikuimba, wina anandikodola n'kundilozera pazenera. Utsi kuphiri. Osaka mbewa anali atayatsa tchire, ndipo ine ndinali ndisanalambule m'mbali mwa munda. Ndinathamanga, ndinathamanga, koma ndinapeza phulusa lokhalokha. Timitengo tija, tina tinali titafika kale m'chifuwa, tonse tinali zitsa zakuda. Chifukwa cha mbewa, abale. Ndiwo za tsiku limodzi.

Mvula itagwa, zitsa zija zinaphuka. Ndinagwada pamunda pomwepo n'kuthokoza Mulungu. Mphukira zinakula mwamphamvu, mofulumira kuposa poyamba. Ndinaona kuti zili ndi minga yaitali, ndinaonanso kuti masamba ake akununkhira mwina. Koma ndinkaopa kufunsa, ndinkaopanso kudula chinthu chimene chabwerera kuchokera kumoto. Ndinapitiriza kuthirira. Ndinathirira chilimwe china, n'kuthiriranso china. Maluwa anabwera. Zipatso zinabwera.

Mandimu.

Mtengo uliwonse, mandimu. Moto unali utapha nachesi yense wa pamwamba, chimene chinaphuka chinali cha pansi. Ndipo mukudziwa kwathu kuno mandimu amangogwa okha kuseri kwa nyumba, ngakhale nkhumba zimawalambalala.

Apo ndi pamene dzina linabadwa. Ndikamadutsa pabawo ankati, “A Mandimu! Tigawireni nachesi mmodzi tifinyire mu tiyi.” Wina ankati, “Musawaseke, awa ndi adokotala, akulimira odwala chimfine.” Anthu ake ndi oti dzuwa limatuluka ali pabawo, limalowa ali pabawo. Chiyambire sanabzalepo ngakhale mpanda wa nkhadze. Matako awo anasalalitsa benchi ija mpaka imawala. Abusa mundikhululukire, koma n'zoona. Amenewo ndi amene ankandiphunzitsa ine ulimi. Ndinasiya kudutsa pamsika, ndinkazungulira njira ya kumanda.

Ndiye amalume anaimba pafoni ya oyandikana nafe. Anati, “Wakhuta mandimu? Bwera, malo apezeka. Yunifolomu ilipo, jombo zilipo. Takondwa akakhale kwa amayi ake aang'ono. Za munda usade nkhawa, ndiuona ine. Tizula zitsamba zakozo, tibzale chimanga ngati anthu.”

Abale, ndinapemphera. Ndinene zoona, sindinamve mawu aliwonse. Ndinkangoika zinthu ziwirizi pamaso panga. Uku geti, losafota, losapsa, lopatsa kanthu mwezi ndi mwezi. Uku phiri, moto, mbuzi, ndi anthu oseka. Mwana wa sukulu ya mkaka akanasankha mosavuta. Ndinalongedza kachikwama.

Takondwa anandiperekeza mpaka pamsewu. Sanalire. Anangofunsa kuti, “Achimwene, mandimu aja ndiziwathirirabe?” Ndinakwera kabaza mpaka pa Boma, n'kukwera minibasi.

Ndinafika ku Blantyre masana. Nyumba imene amalume ankalonda inali ya mpanda wautali, wa mawaya pamwamba. Pafupi ndi geti panali kanyumba ka mlonda. Ndikati kanyumba ndikukalemekeza. Khola la nkhunda la kwathu ndi lalikulu. M'menemo ndi mmene ndinawapeza amalume, atakhala pa kreti ya zakumwa, mawondo atafika kuchibwano. Agalu a pakhomopo anali ndi nyumba yawo yamalata, yopentedwa, ndi mbale zawo.

Tisanathe n'kupatsana moni komwe, galimoto inaliza hutala panja. Abale, sindinadziwe kuti amalume amathamanga. Munthu uja ankayenda gu, gu, gu kwathu kuno, anadzambatuka ngati wakhalira nyerere. Anakoka geti ndi mphamvu zonse, akupuma movutika, kenako anaima njo n'kuchita sawatcha. Sawatcha kwa galimoto! M'galimotomo munali kamwana, kocheperapo kuposa ana awa akhala pamphasa kutsogolo kuno. Kanatulutsa mutu pazenera n'kukuwa kuti, “Iwe mlonda, mpira wanga unagwera kuseri, katenge!”

Amalume anati, “Chabwino, bwana.”

Bwana. Munthu wa imvi, mwinimbumba wathu, amene akalankhula pamaliro tonse timakhala chete. Ndinayang'ana pansi.

Mayi a pakhomopo anatsika, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga mmene timayang'anira mbuzi pamsika. Anati, “Ndi ameneyu? Akuoneka wamphamvu. Madalawa miyendo yatha, galimoto imaima nthawi yaitali pageti.” Kenako anatembenukira kwa amalume. “Madala, vulani jombozo ayese. Mukudziwa kuti jombo ndi za pano.”

Mwamva, abale? Jombo ndi za pano. Jombo zija ana ankazitsatira, jombo zija zinkakhala pafupi ndi maso athu pabawo, sizinali zawo. Zaka zonse zija, sizinali zawo.

Amalume anakhala pa kreti paja n'kumasula zingwe. Anavula. Masokosi anali obooka, chala chachikulu chili panja, zidendene zong'aluka ngati dambo la m'chilimwe. Anaima pamiyala yotentha ija, phazi ili akweza, ili atsitsa. Pamenepo mutu wanga unatseguka. Malo amene anati apezeka aja anali malo awo omwe. Ankachotsedwa. Ndipo munda umene anati auona uja, ankaufuna chifukwa analibe kwina kopita. Banja lawo linatha kalekale, kwa akazi awo sanasiyeko kanthu. Moyo wonse wa ntchito yokhazikika, chimene anali nacho chinali masokosi obooka ndi munda wa mwana wamasiye.

Anandipatsa jombo zija. Zinali zofunda m'kati, thukuta la amalume. Ine ndine munthu wamantha, kukana pamaso pa akuluakulu sindinaphunzire. Ndinakhala pansi n'kuvala imodzi.

Inandikwana ndendende.

Osathina, osakhwepa. Ngati anachita kundiyeza. Achinyamata anzanga, mumve apa, Satana amadziwa saizi ya phazi lako. Sabwera ndi nyanga ayi. Amabwera ndi chinthu chokukwana bwinobwino, chonyezimira, n'kukuuza kuti khala apa, suvutikanso. Ndinayang'ana phazi langa m'jombo muja, ndinayang'ana phazi la amalume pamiyala paja, ndipo ndinaona kuti ndi phazi limodzi. Langa lalero, lawo langa lamawa. Ndinadziona ndili ndi imvi, ndikuimbira foni mwana wa Takondwa kuti bwera malo apezeka, kuti ndimulande munda wa amake.

Pamenepo ndi pamene Mulungu anandiyankha. Osati ndi mawu. Anangondipatsa mseru. Ndinanyansidwa, abale, ndinanyansidwa ndi jombo ija ngati ndaponda chonyansa panjira. Ndinaivula, ndinagwada, n'kuziika zonse ziwiri pamapazi pa amalume. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka. Ndinati, “Zikomo kwambiri, mayi. Koma kumudzi ndasiya mbewu zosathirira.”

Mayi aja anaseka. Anati, “Madala, mwandibweretsera chiyani?” N'kulowa m'nyumba.

Amalume ananditsatira kunja kwa geti, jombo zili m'manja. Anati, “Chitsiru! Ndiwe chitsiru ngati bambo ako! Anzako akugona pamzere kufuna malo amenewa. Pita ukadye mandimu ako!” Ine ndinati, “Pepani, amalume. Tsalani bwino.” Kenako hutala inaliranso m'kati, ndipo anathamanga.

Mundimvetse bwino. Alipo muno amene amagwira ntchito ya ulonda, akudyetsa ana awo mwaulemu, Mulungu akudalitseni, sindikunyoza inu. Ndikunyoza bodza lija loti pali malo pansi pano pamene munthu sangapse. Ndikunyoza kunyada ndi chinthu chobwereka. Ndikunyoza kukhazikika kumene kumatha ndi mawu akuti vulani. Chimenecho ndachilavula, ndipo ndikuchilavulanso pano pamaso panu.

Nditabwerera, ndinapeza Takondwa wathirira. Sanadikire yankho langa. Mawa lake ndinachita chimene ndinkaopa zaka zonse zija, ndinapita kwa alangizi n'kufunsa. Ndinafotokoza zonse, maso ali pansi. Iwo anangofunsa kuti, “Mizu ili moyo?” Ndinati, “Ili moyo.” Anati, “Nanga ukulira chiyani? Dula, umezanitsenso. Ndipo ulendo uno chilichonse chophuka pansi pa mfundo yolumikizira uzichithothola.”

Ndinadula mitengo yonse ija. Anthu a pabawo anati, “Taonani, a Mandimu apenga, akudula chuma chawo.” Ndinakapempha tinthambi ta nachesi kwa agogo ena a kutsidya. Ine ndinkacheka, Takondwa ankamanga. Ndinalambula m'mbali mwa munda motakasuka moti ngolo itha kudutsa. Ndipo taonani ntchito ya Mulungu. Chifukwa mizu inali itakula kale zaka zonse zimene ndinkathirira mandimu zija, nachesi anakwera mofulumira modabwitsa. Madzi aja ndinkati ndataya, sanatayike. Anali pansi, akundidikira.

Sindinalemere, musandiyang'ane choncho. Mitengo ina inafa. Chaka china nsabwe zinavuta, china ogula anatipondereza. Ulimi ndi wotero, umagona ndi mtima uli m'mwamba. Koma Takondwa ali kusekondale lero, ndipo akumuphunzitsa ndi manachesi a pamunda wake. Amene aja a pabawo tsopano amabwera m'mamawa, chipewa chili m'manja. “A Mandimu, tinamva kuti muli ndi mbande zotsala.” Dzina lomwe lija, koma mawu afewa ngati nthochi yakupsa. Ndimawapatsa. Ambiri mwa iwo sathirira, zimauma, amabweranso.

Amalume anachotsedwa patapita miyezi yochepa. Anatsika pamsewu atavala patapata. Palibe mwana anawatsatira. Takondwa, mwini munda, anawadulira kachigawo kumunsi kuti azibzala chimanga chawo. Iyeyo ndi wamtima wabwino kuposa ine.

Tsopano mukudziwa kuti chinkhoswe chinachitika, ndipo mwezi wamawa ndikupita kuchikamwini, cha ku Luwani uko. Sabata yathayi amalume anandipeza pamunda ndikudula tinthambi, ndikutikulunga m'kansalu konyowa. Anakhala pamwala n'kuseka kuseka kwawo kuja.

“Ndinakuuza chiyani? Suyo ukupita? Mitengo ija wainyamula? Thukuta lonse lija wasiyira mlamu wako.”

Ndinati, “Ndasiyira Takondwa, amalume. Ndi amene ndinkamubzalira.”

“Nanga tinkhuni ito?”

“Kuseri kwa nyumba ya apongozi kuli mandimu okalamba amene palibe amawasamala. Ndapempha, andilola.”

Anandiyang'ana ngati ndadwala mutu. “Ukabzalanso pamunda wa eni? Sunaphunzire? Nanga akadzakuthamangitsa?”

Ndinati, “Akadzandithamangitsa, mitengo idzatsala ndi ana anga. Mpeni ndidzabwera nawo. Umenewu palibe adzandiuze kuti vula.”

Anatambasula dzanja, anathyola nachesi pamtengo umene ankafuna kuuzula, anasenda, anadya. Njere analavulira kumbali.

Ndi umboni wanga umenewu, abale. Mawa sindikulidziwa. Moto ukhoza kubweranso, kumene ndikupitako kukhoza kundikana. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anandinyansitsa jombo yondikwana. Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga mizu pansi pa phulusa. Ndikuthokoza inu abusa, ndi amayi amene munkamuyang'anira Takondwa pamene ine mutu unali utazungulira.

Pakhomo paja pali dengu la manachesi. Si anga, ndinachita kupempha kwa mwini wake, ndipo anavomera. Potuluka aliyense atenge. Musaope, si mandimu.

Ndiye ndikupempha, musandisiye ndekha kutsogolo kuno. Amayi, nthungululu ili kuti? A kwaya, dzukani. Imirirani nonse, musangalale nane, timuombere m'manja Yesu ameneyu. Satana wachita manyazi, watsala ndi jombo zake m'manja. Aleluya! Ameni.